Maluwa a m'nyumba osowa ndi Julayi wa ku Johannesburg

Funso: Ndimakhala mufulati ku Rosettenville ndi mwana wanga wa zaka zitatu. Chaka chatha ndinayamba kutolera maluwa a m'nyumba, aja a masamba amawangamawanga. Ndinagula Pink Princess, ma Calathea awiri ndi Alocasia ya masamba akuda, onse ndinawaika pa zenera loyang'ana kummwera. Nthawi ya mvula ankasangalala, koma pofika Julayi ma Calathea anapsa m'mbali mwa masamba, Alocasia inayoyola masamba onse, ndipo Pink Princess akungotulutsa obiriwira okhaokha. Ndimathirira kawiri pa sabata osaphonya. Ndikulakwitsa pati? Ndimalakalakanso m'tsogolo ndizidzagulitsako timbewu, mwinanso kubweretsa ena kuchokera kumudzi. — Mayi wa ku Rosettenville

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chimene chikufunika changu. Musataye mphika wa Alocasia uja. Fukulani dothi pang'ono ndi chala, mupeza kamutu kozungulira pansi pa tsinde, mmene duwali limasungamo chakudya. Mukakatsina n'kupeza kuti n'kolimba ndipo sikakununkha, duwalo ndi lamoyo, langogona. Alocasia ya masamba akuda, imene amaigulitsa ndi dzina loti Black Velvet, kwawo ndi ku chilumba cha Borneo kumene sikuzizira, ndiye ikamva chisanu imataya masamba n'kudikira. Iikeni pamalo ofunda, dothi lizikhala louma ndithu, muzingolinyowetsa pang'ono patapita masabata angapo. Kukayamba kufunda mu Seputembala kapena Okutobala mudzaona kansonga kakutuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ngati kamutuko kafewa, kakutuluka madzi ndiponso kakununkha, ndiye kuti kaola. Ngakhale zitatero, sefani dothilo bwinobwino musanalitaye, chifukwa Alocasia imabereka timitu ting'onoting'ono m'mbali, ndipo kamodzi kokha kolimba kakhoza kukupatsani duwa latsopano.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ambiri amene amabwera kwa ine ndi mphika m'manja amaganiza kuti ali ndi dzanja loipa. Ayi. Vuto ndi loti timagula duwa poona kukongola kwake m'nazale mu Disembala, pamene tinayenera kulisankha poganizira mmene chipinda chathu chimakhalira usiku wa mu Julayi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa boma la Dedza limene kwathu timaliopa ndi kuzizira. Mvula yake, pafupifupi mamilimita 700 pa chaka, imagwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, kenaka kumauma gwa. Mu Juni ndi Julayi usiku kumatsika mpaka cha m'ma digiri 4, masiku ena kudutsa pansi pa 0, udzu n'kudzuka uli mbuu ndi chisanu. Amene munali kuno mukukumbuka kuti pa 10 Julayi 2023 kunagwa ngakhale sinowo.

Maluwa amene mwagulawa kwawo ndi pansi pa mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango zotentha za ku Colombia, Brazil ndi Borneo. Amasangalala pakati pa madigiri 18 ndi 28, mpweya uli wachinyezi chaka chonse. Kukatsika pansi pa 12 kapena 13, mizu yawo imachita ulesi, siimwanso madzi bwino. Ndiye taganizirani pamene mwawaika. Nyumba zambiri za kuno zili ndi galasi limodzi lopyapyala m'felemu yachitsulo, ndipo zenera lakummwera siliona dzuwa nyengo yonse yozizira. M'fulati monse, malo ozizira kwambiri usiku ndi pa zenera lomwelo. Mukatseka katani madzulo, duwa limatsala kuseri kwa katani limodzi ndi galasi, kufunda konse kuli kwa inu.

Apa ndi pamene kuthirira kawiri pa sabata kunasanduka chida chowaphera. Mu Januwale kunali koyenera, chifukwa duwa linkamwa. Mu Julayi silikumwa, dothi silikuuma, mizu ikukhala m'matope ozizira opanda mpweya mpaka kuyamba kuola. Chopusitsa n'chakuti duwa loola mizu limafota ngati lili ndi ludzu, mwini wake n'kuwonjezera madzi ena. Kalendala isamakuuzeni tsiku lothirira. Pisani chala mpaka pa mfundo yachiwiri. Ngati mukumva chinyontho, lisiyeni. Nyamulaninso mphikawo mutangothirira kuti manja anu aphunzire kulemera kwake, ndipo ukapepuka mudzadziwa nokha. M'nyengo yozizira thirirani m'mawa, ndi madzi amene agona m'nyumba usiku wonse, osati ozizira ochokera pampopi nthawi yomweyo. Madzi otsalira m'kambale ka pansi muziwataya.

Dothi limene maluwawa amabwera nalo kuchokera ku nazale nthawi zambiri limasunga madzi kwambiri, chifukwa linakonzedwera m'nyumba zagalasi zofunda. Kwa Philodendron (Pink Princess wanu ali m'gulu limeneli), Monstera, Anthurium ndi Alocasia ine ndimasakaniza zigawo ziwiri za makungwa a paini aja amagulitsira ma orchid, gawo limodzi la perlite (timiyala toyera topepuka), gawo limodzi la coco peat (ulusi wosinja wa makoko a kokonati), ndi makala osinja pang'ono odzaza dzanja. Mukathira madzi azituluka pansi nthawi yomweyo. Ma Calathea amafuna coco peat wochulukirapo, popeza sakonda kuuma kwenikweni. Dothi lofiira la panja musaliike mumphika, limagwirana n'kutsamwitsa mizu. Kusintha dothi dikirani Seputembala, pokhapokha ngati mizu yaola kale. Ikatero zulani lero lomwe, dulani yakuda ndi yofewa yonse, mubzale mumphika wocheperako. Feteleza wamadzi, theka la mlingo umene alemba pa botolo, kuyambira Seputembala mpaka Malichi basi.

Za ma Calathea ndikuuzeni mosapsatira: ndi maluwa amene kuno ku Joni amavutitsa ngakhale anthu amene akhala zaka pa ntchitoyi. Kupsa m'mbali mwa masamba kumabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mpweya wouma, makamaka hita ikayaka. Chachiwiri ndi madzi. Madzi a pampopi kuno, ochokera ku damu la Vaal kudzera kwa Rand Water, ndi abwino kwa anthu, koma amathiridwa mankhwala ophera tizilombo, ena mwa iwo a chloramine amene sauluka ngakhale madziwo agone m'ndowa. Maluwa ambiri alibe nazo ntchito, koma Calathea ndi m'bale wake Maranta amaonetsa msanga kusakondwa. Ngati muli ndi poikira beseni, kingani madzi a mvula musunge m'zigubu zotseka. Kuwaza masamba ndi kabotolo kopopera, kumene ambiri amalangiza, phindu lake limatha m'mphindi zochepa, ndipo tsamba logona lonyowa m'chipinda chozizira limachita mawanga a matenda.

Chimene chimagwiradi ntchito ndi kutsekera. Bokosi lalikulu lapulasitiki loonekera mkati, aja timasungiramo zovala, kapena galasi lakale lowetera nsomba, kapena kabati yagalasi ngati thumba likulola. Ikani maluwa ovutawo mmenemo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, muzitsegula kanthawi tsiku lililonse kuti mpweya usinthe. M'mawa mudzaona timadontho pa chivundikiro, ndipo tsamba latsopano la Calathea lidzatambasuka lonse bwinobwino, osamatirira kapena kung'ambika pakati. Ubwino wake, bokosi silidalira magetsi. Gulaninso kachipangizo kakang'ono koyezera kutentha ndi chinyezi, makamaka kamene kamasunga nambala yotsikitsitsa ya usiku. Kaikeni pa zenera lanu usiku umodzi, mawa lake pamwamba pa firiji, kenaka pa shelefu ya khoma lamkati. Manambala amene mudzaone adzakuuzani malo oika maluwa kuposa mmene ine ndingakuuzireni ndili kuno. Calathea ndi Anthurium amafuna chinyezi cha 60 pa 100 kupita m'mwamba. Hita ya gasi kapena ya parafini ikhale kutali nawo, utsi wake ndi kutentha kwake zonse zimawapweteka.

Kuwala nako tikambirane, chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a ku Europe ndi America, kumene zenera ladzuwa ndi lakummwera. Kuno ndi mosemphana. Lakumpoto ndi limene limalandira dzuwa, ndipo mu Juni dzuwa limatsika n'kulowa mkati mwenimweni mwa chipinda. Lakummawa ndi labwino kuposa onse pa maluwa amawanga, popeza dzuwa lam'mawa siliwotcha. Lakumadzulo limawotcha masana a nthawi yotentha, lifunika katani yopyapyala. Lanu lakummwera likhoza kusunga Calathea nthawi ya mvula, koma kwa Pink Princess ndi lamdima. Ngati mulibe zenera lina, babu la LED lolimira maluwa, loyaka maola 10 mpaka 12 pa tsiku pafupi ndi duwa, limakwanira. Ndipo musakopeke kuwatulutsa panja kuti akawothere. Dzuwa la pamtunda pano limawotcha tsamba lozolowera m'nyumba pa ola limodzi, ndipo matalala a madzulo a Novembala amang'amba masamba amene munadikira miyezi kuti akule.

Pink Princess wanu akufuna kuti timvetse kumene mtundu wa tsamba umachokera, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndalama za anthu zimatayika.

Pali maluwa amene maonekedwe awo ndi achibadwa cha mtundu wonse. Mitsempha yoyera ya Anthurium clarinervium ya ku Chiapas ku Mexico, madontho asiliva a Begonia maculata ya ku Brazil, mizere ya ma Calathea, kufiira kwa ma Aglaonema. Amenewa sasintha. Kuwala kukachepa amazilala, kukabwerera amawalanso.

Pink Princess ndi wosiyana. Iye ndi Philodendron erubescens, duwa la ku Colombia, koma pa nsonga yake yokulira pali maselo a mitundu iwiri: ena opanga chobiriwira chimene tsamba limapangira chakudya, ena olephera kuchipanga. Olepherawo ndi amene amaoneka apinki. Tsamba lililonse limatenga kusakanizika kumene kuli pa nsongapo nthawi imeneyo, ndipo maselo obiriwira, pokhala amphamvu, akhoza kulanda nsonga yonse. Zikatero, ngakhale mumuike pa kuwala kwabwino bwanji, nsonga imeneyo siibwezanso pinki. Mankhwala ake ndi mpeni. Yang'anani tsinde, osati masamba. Tsikani kuchokera pamwamba mpaka mupeze mfundo imene pali kamzere kapinki kapena koyererako kodutsa pa diso lake, ndipo tsamba la pamenepo linali ndi mawanga. Dulani pamwamba pa mfundo imeneyo ndi mpeni woyera wopukutidwa ndi sipiriti. Diso logonalo lidzadzuka n'kuphuka, ndipo mwayi ulipo waukulu woti mphukirayo idzabwera ndi pinki. Chitani izi mu Okutobala, osati m'nyengo yozizira. Chapamwamba chimene mwadulacho musachitaye, chimere m'madzi, ndi duwa labwino lakudera ngakhale lilibe mawanga. Mudziwenso kuti tsamba lapinki lokhalokha, limene anthu amalijambula kwambiri, silipanga chakudya ndipo silikhalitsa. Duwa likayamba kutulutsa oterowo motsatizana, nalonso lifunika kudulidwa, apo ayi lifooka. Monstera Albo, wa mawanga oyera, khalidwe lake ndi lomweli. Monstera Thai Constellation, amene anachulukitsidwa m'malabu a ku Thailand, mawanga ake ndi okhazikika kwambiri, n'chifukwa chake kwa munthu woyamba ndimasankha ameneyo.

Ndiye palinso achinyengo. Cha m'ma 2019 ndi 2020 anthu ambiri padziko anagula Philodendron wotchedwa Pink Congo, wa masamba apinki athunthu. Zinadziwika kuti anapoperedwa mankhwala oletsa chobiriwira kwa kanthawi, ndipo patapita miyezi masamba onse ankabwerera kubiriwira. Chimodzimodzi amene amagulitsa njere za Monstera wamawanga pa Facebook. Mawanga a mtundu umenewu sadutsa m'njere, amadutsa m'kutema tsinde basi. Zimandipweteka ndikaona munthu amene wagwira ntchito mwezi wathunthu m'nyumba kapena m'dimba la mwini akupereka ndalama zake pa kapaketi kotere.

Izi zikutifikitsa pa maganizo anu ogulitsa. Ndi abwino, koma musawamange pa mawu oti duwa ndi losowa. Mu Juni 2021, mliri wa COVID-19 utatsekera anthu m'nyumba ndipo aliyense akufuna maluwa, Rhaphidophora tetrasperma imodzi yamawanga oyera inagulidwa madola a ku New Zealand 27,100 pa msika wa pa intaneti wa Trade Me. Chimene chinatsatira n'chakuti malabu anayamba kuchulukitsa maluwa otchuka kuchokera ku kachidutswa kakang'ono, zikwizikwi nthawi imodzi, mitengo n'kugwa. Pink Princess ndi Thai Constellation, amene kale ankasakidwa ngati golide, lero mumawapeza pa shelefu m'manazale akuluakulu. Wogula duwa lodula lero poyembekeza kudzabweza ndalama pogulitsa ana ake pakatha zaka ziwiri amapeza msika utatsika kale. Chimene sichitsika mtengo ndi duwa lathanzi, lomera mizu bwino, lozolowera mpweya wa Johannesburg, logulitsidwa ndi munthu amene amanena zoona ndipo amayankha foni duwalo likadwala.

Kutema kwake n'kosavuta kwa munthu amene anadzalapo nzimbe: chofunika ndi mfundo yokhala ndi diso, tsamba lopanda mfundo silimera. Dulani pansi pa mfundo, siyani bala liume maola ochepa, ikani m'madzi kapena mu perlite wonyowa mkati mwa bokosi lija. Mizu ikafika masentimita 5 mubzale m'dothi, ndipo musagulitse lisanatulutse tsamba lake latsopano, chifukwa tsamba limenelo ndi limene limaonetsa ngati mawanga apitirira. Inunso pogula, pewani timfundo topanda mizu ndi topanda tsamba, n'totsika mtengo koma tambiri timaola.

Mukadandifunsa kuti muyambe ndi ati m'fulati yanuyo, ndikadati Hoya carnosa yamawanga, Scindapsus pictus ya masamba asiliva, Philodendron micans, ndi ma Peperomia. Amapirira mpweya wouma. Aglaonema yofiira imapirira mdima ndi kuuma, koma imaopa kuzizira, ndiye ichoke pa zenera Meyi akangofika. Ndipo musapeputse a kuno ku Africa. Zamioculcas, imene amaitcha ZZ, imamera yokha m'tchire kuyambira ku Kenya mpaka ku KwaZulu-Natal, Malawi ali momwemo, ndipo pali mtundu wake wotchedwa Raven umene tsamba limatuluka lobiriwira kenaka n'kuda bii. Ma Streptocarpus, amene achibale awo amamera m'miyala yonyowa ya ku Mulanje ndi Zomba, sakonda kutentha kwambiri kapena dzuwa lachindunji, ndipo amachita maluwa ofiirira, abuluu ndi apinki kwa miyezi yambiri. Zenera lanu lakummwera likhoza kuwasunga nthawi yotentha, kukazizira muwasunthire mkati pang'ono. Anthurium warocqueanum ndi anzake a masamba aatali aja adikire kufikira mutadutsitsa nyengo yozizira iwiri popanda kutaya mphika.

Gulani mu Okutobala kapena Novembala, kuti duwa likhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yozolowera nyumba yanu chisanu chisanafike. Manazale akuluakulu monga Lifestyle Home Garden ku Randpark Ridge amakupatsani mwayi wogwira duwa ndi manja. Tembenuzani tsamba muone kunsi kwake. Tiukonde topyapyala ndi timadontho tachikasu ndi akangaude ofiira, omwe aja amavutitsa alimi a tomato, ndipo amachuluka mpweya ukauma, makamaka pa Alocasia ndi Calathea. Tinthu toyera ta ubweya m'makhwapa mwa masamba ndi tizilombo ta mtundu wa kodikodi. Timizere tasiliva tokhala ndi timadontho takuda ndi chizindikiro cha tizilombo totchedwa thrips, ndipo duwa lotero lisiyeni konko ngakhale atakutsitsirani mtengo. Duwa latsopano lililonse likhale palokha masabata atatu lisanasakanikirane ndi anzake. Tizilombo tikabwera, tsukani masamba ndi madzi ofunda pang'ono, pukutani taubweyato ndi thonje la sipiriti, poperani mafuta a nimu osakaniza ndi sopo pang'ono, ndipo mubwereze sabata iliyonse katatu kapena kanayi chifukwa mazira amaswa pambuyo.

Za mwana wanu musazitenge mopepuka. Philodendron, Monstera, Alocasia, Anthurium, Aglaonema ndi ZZ onse ndi a banja limodzi ndi koko, ndipo ali ndi timinga tosaoneka ndi maso tomwe timachititsa koko wosapsa kuyabwa pakhosi. Mwana akatafuna tsamba, milomo ndi lilime zimawotcha ndipo zikhoza kutupa. Zikachitika, chotsani zotsala m'kamwa, mtsukeni, mpatseni madzi ozizira kapena mkaka, ndipo akayamba kuvutika kumeza kapena kupuma thamangani naye kuchipatala mutanyamula tsambalo. Amenewa akhale pa shelefu yapamwamba kapena m'kabati yotseka. Calathea, Hoya, Peperomia ndi Streptocarpus alibe vuto limeneli.

Zobweretsa maluwa kuchokera kumudzi m'basi, ndikupemphani musachite. Lamulo la South Africa limafuna chilolezo cholowetsera zomera kuchokera ku unduna wa zaulimi wa kuno, komanso satifiketi ya ku Malawi yotsimikiza kuti chomeracho chilibe matenda. Popanda mapepala amenewa akhoza kukulandani pa chipata cha malire cha Beitbridge, mwinanso kukulipiritsani. Ma orchid a kutchire, monga aja a ku Nyika, ndi otetezedwa ndi pangano la mayiko la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, ndipo ozulidwa m'tchire ambiri amafa asanathe chaka mumphika. Kunonso kuli maluwa amene malamulo a zachilengedwe amaletsa kubzala ndi kugulitsa chifukwa amathawira m'tchire n'kupha zomera za kuno. Tradescantia zebrina, uja woyanga wa mizere yofiirira ndi yasiliva amene amagwira mosavuta, ali pa mndandanda umenewo. Musanayambe kuchulukitsa mtundu uliwonse kuti mugulitse, pezani dzina lake lenileni la sayansi, mufunse ku nazale yovomerezeka kapena muone mndandanda wa boma wa zomera zoletsedwa ngati lilimo.